Kufota si dzina la matenda

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa malangizo omwe ndakhala ndikuwawerenga ndi kuwamva kawirikawiri, akuti mlimi akaona tomato wake akufota athamangire sipuleya n'kupopera mankhwala msanga matenda asanafale. Opereka malangizo otere amafunira alimi zabwino, sindikukana. Koma kufota si dzina la matenda. Zili ngati kuuza munthu kuti mutu ukangowawa amwe mankhwala a malungo. Tomato amafota ndi ludzu, amafota madzi akachuluka m'mizu, amafota ndi nyongolotsi za m'mizu, amafota ndi fangasi wotchedwa Fusarium, amafotanso ndi mabakiteriya. Pa zonsezi palibe ngakhale chimodzi chomwe mankhwala opopera pamasamba angachiritse.

Ndikulemba ngati munthu amene anagwa m'mbuna yomweyi, ndipo manyazi anga ndi aakulu chifukwa ineyo ndinali woyenera kudziwa. Zaka zambiri za moyo wanga ndinagwira ntchito m'labotale yoyeza matenda a mbewu. Sindinali dokotala kapena pulofesa ayi. Yanga inali yotsuka mabotolo, kuphika chakudya cha tizilombo pa madigiri 121 kwa mphindi 15, kuchithira m'timbale tagalasi, ndi kulemba manambala pazivindikiro. Koma amene amatsuka mbale amaona zambiri. Nditapuma pantchito ndinatsegula dimba.

M'chaka chachiwiri cha dimbalo, tomato ali pa maluwa achiwiri, ndinapeza mitengo itatu ya pabedi lachinayi ili zyoli dzuwa lili paliwombo. Madzulo inadzuka, m'mawa ili bwinobwino. Ndinati ndi dzuwa basi, ndinawonjezera madzi. Tsiku lachitatu sinadzukenso. Chodabwitsa n'chakuti masamba anali obiriwirabe, opanda banga, opanda chikasu, kungolendewera ngati wina wawathira madzi otentha. Mnzanga wa dimba loyandikana nalo anasuzumira pampanda nati, "Achimwene, chimenecho n'chiwawu, poperani chisanakuthereni." Ndinali ndi mancozeb, mankhwala opopera olimbana ndi fangasi, m'nyumba. Ndinapopera milungu iwiri yathunthu, kawiri pa mlungu, uku ndikuthirira ndi ngalande monga mwa masiku onse, uku ndikudula mphukira ndi mpeni umodzi womwewo kuchoka pamtengo uwu kupita pa uwo. Pofika kumapeto kwa mlungu wachiwiri bedi lachinayi linali litatha, lachisanu layamba, ndipo kufako kunkatsata ngalande ngati kuti kuli ndi maso.

Amene anandidzutsa ndi mayi a kunyumba. Anandipeza ndikusungunula mankhwala kachisanu nandifunsa mwakachetechete, "Kodi bambo, kuntchito kwanu kuja munkapoperanso musanayeze?" Ndinangoti kakasi. Ndinaika sipuleya pansi.

Chomwe ndinachita n'chomwe mlimi aliyense angachite lero lomwe, ndipo n'chifukwa chake ndalemba kalatayi. Ndinazula mtengo umodzi womwe unali utangoyamba kufota, osati wouma kale. Ndinatsuka tsinde lake, n'kudula kachidutswa kotalika ngati chala, pamwamba pang'ono pa pomwe tsinde limakumana ndi dothi. Mkati, mzere wa mitsempha yomwe imakweza madzi unali wofiirira m'malo mokhala woyera. Izi zokha sizinandiuze kanthu, poti Fusarium nayenso amadetsa mitsempha chimodzimodzi. Ndinatenga tambula yoonekera mkati, ndinathiramo madzi oyera, ndinabaya kachidutswa kaja ndi kawaya n'kukapachika pakamwa pa tambula kuti nsonga yodulidwayo ingomira pang'ono. Ndinaika tambulayo pawindo, kumbuyo kwake ndinaimika chikuto chakuda cha buku, n'kukhala pansi. Apa m'pamene ambiri amalephera: amagwedeza tambula, kapena amayang'ana kamphindi n'kunena kuti palibe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi yoyamba panalibe kanthu. Yachiwiri panalibe kanthu. Kenako kuchokera m'mphepete mwa tsinde munayamba kutsika kaulusi koyera, kopyapyala ngati utsi wa ndudu koma kolowera pansi, kenanso pambali pake, kenanso, mpaka madzi a pansi pa tambula anachita mbuu ngati mwagwera dontho la mkaka. Mayi aja anati, "Ndiye chimenechi?" Ndinati chimenechi.

Ulusi umenewo ndi mabakiteriya mamiliyoni osawerengeka akutuluka m'mitsempha ya mbewu. Mmodzi payekha ndi wamng'ono kwambiri moti mukawandandalika mazana asanu kapena kuposerapo m'pamene angakwane milimita imodzi. Dzina lake ndi Ralstonia solanacearum. Amalowera m'mizu, makamaka pamabala omwe khasu, kuwokera kapena nyongolotsi zasiya, akafika m'mitsempha amaswana n'kutulutsa chinthu chonanda ngati mamina chomwe chimatseka njira ya madzi. Mbewu imafa ndi ludzu mizu ili m'madzi. Fusarium satulutsa ulusi wotere m'tambula, ndipo iye kawirikawiri amayamba ndi kuchititsa chikasu masamba a m'munsi, nthawi zambiri mbali imodzi ya mtengo, n'kumapha pang'onopang'ono. Kusiyana kumeneku kumaoneka ndi mpeni, madzi ndi mphindi zosakwana 10. Ine ndinataya milungu iwiri, ndipo mpeni wanga ndi ngalande yanga ndi zomwe zinkagawa matendawo.

Mankhwala opha bakiteriya ameneyu akalowa m'tsinde kulibe. Zomwe zinatsala zinali kuzula mitengo yonse yodwala pamodzi ndi dothi la m'mizu, kuitulutsa m'dimba n'kuitentha, kutseka ngalande yodutsa pamabedi awiriwo, kuviika mpeni m'madzi a bulichi ndisanakhudze mtengo wina, ndi kuvomereza kuti pamalopo sindidzabzalapo tomato, mbatatesi, tsabola, mabiringanya kapena fodya kwa zaka zingapo. Bakiteriyayu amagwira mitundu ya zomera yoposa 200, ndipo amabisala ngakhale m'mizu ya zomera zongomera zokha monga mnadzi, zomwe sizionetsa kudwala.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa nkhani iyi inkatisangalatsa kuntchito. Amene anafotokoza bakiteriyayu koyamba, mu 1896, ndi Erwin F. Smith wa ku America. Masiku amenewo akatswiri ena sankakhulupirira n'komwe kuti mabakiteriya angadwalitse zomera. Katswiri wina wa ku Germany, Alfred Fischer, ankalimbikira kuti mabakiteriya opezeka m'zomera zodwala ndi ongobwera kudzadya zomwe zafa kale, ndipo awiriwa anakangana m'magazini a sayansi kwa zaka zingapo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Smith anapambana ndi umboni. Koma funso la Fischer silinali lopusa, ndipo mpaka lero ndi lomwe labotale iliyonse yabwino imadzifunsa: kachilombo kamene tapeza m'tsamba lowolali, kodi ndi kamene kanapha, kapena ndi khwangwala wongofika pamaliro? M'tsinde lowola mumapezeka mabakiteriya amitundumitundu, ndipo ongobwerawo ndi amene amamera msanga m'mbale n'kuphimba wolakwa weniweni.

Si tomato yekha. Kabichi, repu ndi mpiru zili ndi mdani wake, Xanthomonas campestris, ndipo iyeyu amasaina dzina lake patsamba. M'mphepete mwa tsamba la kabichi muli timabowo tomwe m'mawa mumaona timadontho ta madzi titandandalika. Bakiteriya amalowera pamenepo, n'chifukwa chake banga lachikasu limayambira m'mphepete n'kumalowa mkati mosongoka ngati chilembo cha V. Mukayang'anitsa tsambalo padzuwa mitsempha ya m'bangamo imakhala yakuda bii, ndipo mukadula tsinde mupeza mkombero wakuda. Alimi ambiri amati ndi kuchepa kwa feteleza, amawonjezera. Ena amati dzuwa lawotcha. Chonsecho matendawa nthawi zambiri amabwera ndi mbewu, n'kufalikira kunazale komwe mbande zimathithikana ndipo zimathiriridwa kuchokera pamwamba tsiku ndi tsiku. Wodziwa dzina la matendawa amadziwanso kuti nkhondo yake imamenyedwa mbewu isanafesedwe: kugula mbewu yoyezedwa, kapena kuiviika m'madzi a madigiri 50 kwa mphindi 25. Ndichenjeze pano kuti zimenezi zimafuna chipangizo choyezera kutentha. Kuyeza ndi chala kumapha mbewu kapena kusiya bakiteriya ali moyo.

Palinso kuola kofewa, konunkha, komwe kumasandutsa mutu wa kabichi, karoti, anyezi kapena mbatatesi kukhala phala. Ameneyo ndi Pectobacterium, yemwe m'masiku athu tinkamutchula kuti Erwinia carotovora. Amasungunula chomata chomwe chimagwirizanitsa maselo a mbewu, ndipo amakonda mabala ndi chinyezi, choncho wokolola mvula ikugwa n'kuunjika zokolola m'thumba losapuma amadziitanira yekha. Ameneyu mphuno imamudziwa.

Ovuta ndi a timawanga. Pa tsamba la tomato timadontho takuda tozunguliridwa ndi chikasu tingakhale ta Pseudomonas syringae, yemwe amakonda nyengo yozizira ndi yonyowa, tingakhale ta Xanthomonas, yemwe amakonda yotentha ndi yonyowa, tingakhalenso ta fangasi monga Septoria kapena chiwawu chongoyamba kumene. Ndaonapo anthu odziwa ntchito akutsutsana pa tsamba limodzi. Ndiye pali Clavibacter michiganensis, amene anapezeka koyamba ku Michigan, ku America, mu 1909, wofotetsa timasamba ta mbali imodzi, wong'amba tsinde, wosiya pachipatso timawanga toyera tokhala ndi kadontho kofiirira pakati ngati diso la mbalame. Ameneyu amafotetsa tomato koma m'tambula satulutsa ulusi wooneka bwino ngati Ralstonia. Choncho tambula ikakana musathamangire kunena kuti mabakiteriya mulibe. Apa m'pamene diso limathera, labotale n'kuyamba.

Anthu amaganiza kuti m'labotale amangoika tsamba pa maikulosikopu dzina n'kutulukira. Ayi ndithu. Pa maikulosikopu pafupifupi mabakiteriya onse odwalitsa mbewu amaoneka ofanana, timitengo tating'ono basi. Ntchito imayamba ndi kudula kachidutswa pamalire a pomwe padwala ndi pomwe pali bwino, kukatsuka kunja, kukaphwanya m'dontho la madzi ophitsidwa, n'kupaka dontholo ndi kawaya m'mbale ya chakudya, mzere ndi mzere, mpaka bakiteriya mmodzi atakhala payekha. Pakatha masiku awiri m'kabati yofunda pafupifupi madigiri 28, mmodzi uja amakhala ataswana n'kupanga kamulu kooneka ndi maso. Timiluto ndi tomwe timayankhula. Pa chakudya chomwe katswiri wa ku America Arthur Kelman anakonza mu 1954, Ralstonia waukali amapanga mulu woyera, wamadzimadzi, woyenderera, wokhala ndi kufiira pang'ono pakati, pamene amene wataya ukali amapanga kamulu kakang'ono, kouma, kofiira psuu. Xanthomonas amapanga milu yachikasu, yonyezimira, yonanda. Chonandacho n'chomwe mafakitale amachikolola n'kuchiika m'zinthu monga mankhwala otsukira mano kuti zilimbe. Pseudomonas akamera pa chakudya chotchedwa King's B amawala mobiriwira mukamuunika ndi nyali ya UV m'chipinda chamdima. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinaitana mlonda kuti adzaone nawo.

Kuyeza komwe ndinkakukonda kwambiri n'kosavuta. Mu 1884 Hans Christian Gram wa ku Denmark anapeza njira yopaka utoto yomwe imagawa mabakiteriya m'magulu awiri malinga ndi khungu lawo. Ife tinali ndi njira yachidule yopezera yankho lomwelo. Pakagalasi timadontheza dontho la potaziyamu haidrokosaidi wa 3 peresenti, timatapa kamulu ka bakiteriya ndi kamtengo kotokosera m'mano, timatakasa kwa masekondi angapo, kenako timakweza kamtengoko pang'onopang'ono. Ngati pakutsatira kaulusi konanda, khungu la bakiteriya lasweka ndipo DNA yake, ulusi wosunga chibadwa chake, yatuluka, ndiye kuti ndi wa gulu la khungu lopyapyala, komwe kuli Ralstonia, Xanthomonas, Pseudomonas ndi Pectobacterium. Ngati dontho lingokhala madzi, ndi wa gulu linalo, ndipo pa tomato wofota maganizo amapita kwa Clavibacter. M'mphindi imodzi theka la okayikiridwa lamasulidwa.

Kenako pamabwera funso la Fischer lija. Timasungunula bakiteriya m'madzi n'kumulowetsa ndi jakisoni wopanda singano m'tsamba la fodya. Ambiri mwa odwalitsa mbewu amachititsa kuti malo olowetsedwawo aume n'kufa pofika mawa lake, chifukwa fodyayo amapha maselo ake omwe pofuna kutsekera mlendo. Ongobwera kudzadya zowola sachititsa kanthu. Wokayikiridwa kuti ndi woolesa timamupaka pa kachidutswa ka mbatatesi n'kuona ngati kasungunuke. Pomaliza timatsata malamulo omwe amadziwika ndi dzina la dokotala wa ku Germany Robert Koch kuyambira m'zaka za m'ma 1880: bakiteriya amene mwamupatula mumubaye m'mbande yathanzi, mbandeyo idwale matenda omwewo, ndipo mukaidula mumupezenso yemweyo. Mbande ina mumaibaya ndi madzi okha kuti muone kuti si bala la singano lomwe lapha. Zimatenga milungu. Achinyamata ankanyinyirika nazo, koma popanda zimenezi mwangopeza bakiteriya, simunapeze matenda.

Masiku ano zinthu zafulumira. Kuli timapepala toviika m'madzi a tsinde lophwanyidwa tomwe timaonetsa mizere iwiri m'mphindi zochepa, ngati toyezera malungo tija. Kuli PCR, njira yomwe Kary Mullis anatulukira mu 1983, yochulukitsa kachidutswa ka DNA mpaka kuwerengeka, ndipo kuwerenga DNA kwasintha maina ambiri omwe ife tinaloweza. Ralstonia yemweyu anayamba ndi dzina la Bacillus, anakhala Pseudomonas kwa zaka zambiri, anadutsa pa Burkholderia, n'kudzakhala Ralstonia mu 1995. Mu 2005 akatswiri anamugawa m'mafuko anayi motsata komwe makolo ake anachokera: loyamba ku Asia, lachiwiri ku America, lachitatu ku Africa, lachinayi ku Indonesia. Mu 2014 anati ndi mitundu itatu yosiyana.

Wina anganene kuti izi ndi zosangalatsa ophunzira okha, mlimi alibe nazo ntchito. Ndikukana. Pali mtundu wa tomato wotchedwa Hawaii 7996 womwe ofufuza padziko lonse amaugwiritsa ntchito ngati kholo lopirira kufota kwa bakiteriya, ndipo bungwe la World Vegetable Center la ku Taiwan lakhala likulimbikitsa kumezanitsa tomato pa mizu ya tomato kapena mabiringanya opirira. Koma kupirirako kumagwira pa mafuko ena a bakiteriya n'kulephera pa ena. Mbewu yolembedwa papaketi kuti ndi yopirira ingaime bwino m'munda uwu n'kugwa m'munda wa dziko lina, osati chifukwa wogulitsa wanama, koma chifukwa mdani ndi wina. Palinso gulu lina la bakiteriyayu lomwe limapirira kuzizira, lokonda mbatatesi, loyenda mobisala m'mbatatesi ya mbewu yooneka yathanzi. Mlimi wa kumalo ozizira amene anauzidwa kuti matendawa ndi a kotentha kokha amadzidzimuka. Ngati palibe amene wayeza kuti m'dera muli fuko liti, alangizi akulangiza mongoyerekeza, ndipo opanga mitundu yatsopano ya mbewu akuwombera mumdima.

Za kopa ndinene mwachidule, poti ndi komwe anthu amathawira akamva kuti ndi bakiteriya. Mankhwala a kopa amateteza kunja kwa tsamba, amachepetsako timawanga mukayamba msanga, koma safika m'mitsempha kapena m'dothi. Ndipo kupopera mosalekeza kumaphunzitsa adani: ku Florida, ku America, Xanthomonas wa tsabola wosamva kopa analembedwa kale mu 1983.

Mbali ina ya vutoli ili kwa ife alimi, pa zomwe timatumiza kukayezetsa. Ndinkalandira ine zimenezi pakhomo la labotale. Wina amabweretsa tsamba limodzi louma lopindidwa m'thumba la malaya. Wina amabweretsa mtengo womwe unafa mlungu watha, atauthira madzi m'jumbo n'kumanga, wayenda nawo padzuwa masiku awiri, pofika ndi phala lonunkha lomwe muli mabakiteriya a dziko lonse. Zotere ngakhale pulofesa sangapezemo kanthu. Tumizani mitengo iwiri kapena itatu yomwe yangoyamba kudwala, yathunthu ndi mizu yake, mizu yokulungidwa payokha kuti dothi lisadetse masamba, masamba okulungidwa m'pepala louma, osathira madzi, ndipo ifike tsiku lomwelo kapena lotsatira. Ikani ndi umodzi wathanzi wofananitsira. Lembani kapepala: mtundu wa mbewu, komwe munaitenga, tsiku lowokera, chomwe chinali pamalopo chaka chatha, komwe madzi amachokera, zomwe mwapopera kale, ndiponso ngati matenda ali apa ndi apo kapena akutsata mzere. Kapepala kameneko nthawi zina kankatiuza zambiri kuposa mbale zathu.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi lakuti pa tsamba lanu la zaulimi, musanasindikize dzina la mankhwala, muzisindikiza kaye maonekedwe a matenda. Tumizani wojambula wanu akajambule tambula ija ndi ulusi wake woyera, tsamba la kabichi la chilembo cha V, ndi chipatso cha diso la mbalame, zithunzi zazikulu zoti munthu adule n'kumata pakhoma. Funsani alangizi kuti mlimi amene tambula yamukana apite nayo kuti mbewu yake, yankho adikire masiku angati, ndipo mulembe zimenezo momveka. Ndipo alangizi akamayendera madimba, m'chikwama muzikhala mpeni ndi kabotolo koonekera mkati.

Mnzanga wa pampanda uja chaka chino zamugwera nayenso, mitengo isanu kumunsi kwa dimba lake, komwe madzi a mvula ochokera kwanga amadutsa. Sindinamubisire kuti mwina ndi ine ndinamupatsira. Anabwera ndi tsinde m'manja, tinakhala pawindo lomwe lija, ndipo ulusi unatsika mphindi zitatu zisanathe. Tagwirizana zokumba ngalande yopatutsa madziwo mvula isanabwerenso. Pabedi lachinayi ndi lachisanu pano pali chimanga, chaka chachitatu tsopano, ndipo mnadzi uliwonse womera pamenepo ndimauzula ndi mizu yomwe.

Ine wanu,
Mlimi wa ndiwo zamasamba, wantchito wakale wa m'labotale